Tinali Awiri a Kilipi

Mu ofesi ya sukulu imene ndimagwirako ntchito ku Chileka muli kabati yachitsulo, ndipo m'kabatimo muli fayilo ya munthu aliyense wapasukulupo, kuyambira ahedi mpaka alonda. Mukatsegula fayilo simuchita kuwerenga kuti mudziwe ngati mwini wake ali wokhazikika. Mumangoyang'ana pakona. Mapepala akakhala omangidwa ndi sitepula, ameneyo ntchito ndi yake. Akakhala ongopanidwa ndi kilipi, kawaya kopindapinda kaja, ndiye kuti akuyesedwa kaye, ndipo tsiku lililonse mapepala ake akhoza kusololedwa, iye n'kupatsidwa m'manja, kilipi n'kubwerera m'chitini.

Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse. Analiyambitsa ndi mayi amene amayang'anira ofesiyo, amene tonse timangowaitana kuti amadamu. Sitepula ilipo imodzi, yakuda, yolemera ngati nsimbi, ndipo imakhala m'dirowa yawo yokiya. Munthu wa kilipi saloledwa kuigwira. Ukakhala ndi mapepala ofunika kumanga umawalinganiza bwinobwino, umapita nawo patebulo pawo, umaima. Iwo amamaliza kaye zimene akuchita, kenako amatsegula dirowa, n'kuimenya ndi chibakera kamodzi, kha, mpaka makapu a tiyi kulira. Makilipi okha ndiwo anali athu. Ogwa pansi tinkatola, adzimbiri tinkawaviika m'palafini n'kuwapukuta ndi nsanza.

Ine ndinalowa mu ofesimo ndili ndi setifiketi ya ukalaliki ya ku koleji ina ya m'tauni, komanso mwana wa miyezi isanu amene ndinamukana.

Ndinamukana pamaso pa eni sukulu, adayirekita, tsiku limene anatiitana kukatifunsa mafunso. Anayang'ana setifiketi yanga kanthawi kochepa, n'kuyang'ana ine kanthawi kotalikirapo.

"Muli pabanja?"

"Abambo ali ku Joni, bwana."

"Mwana wamng'ono?"

"Ayi, bwana."

"Zili bwino. Amene analipo uja anatitopetsa. Lero kusikelo, mawa mwana watentha thupi, mkuja watsegula m'mimba. Ino si kiliniki."

Ndinaseka nawo. Abambo a mwanayo analidi ku Joni, koma foni yawo inali itasiya kugwira ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkakhala kwa amayi anga ku Lirangwe, m'chipinda chomwe ndinkagona ndili pasukulu, ndipo setifiketi ija inali itatha zaka ziwiri ili m'sutikesi. Kunena zoona sindinavutike n'komwe kunena kuti ayi. Mawuwo anangotuluka okha.

Anatitenga awiri, miyezi itatu yoyesedwa, mpando umodzi. Mnzangayo anali mtsikana wa ku Mdeka, wa Chisilamu, wamng'ono kwa ine ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Analibe pepala la ku koleji. Anangomaliza Folomu 4 n'kumathandiza m'sitolo ya nsalu ya abambo ake. Tsiku loyamba amadamu anatenga mapepala athu, anapana aliyense ndi kilipi yake, n'kutiwonetsa.

"Mwaona? Nonse ndinu a kilipi. Mmodzi yekha ndiye adzamve kulira kwa sitepula. Winayo kilipi yanga adzandisiyira."

Mumtima ndinati nkhani yatha kale. Ine ndinaphunzira kutayipa osayang'ana zala, ndinaphunzira kasungidwe ka mafayilo, ndinalemba mayeso. Wogulitsa zitenje angandipose pati?

M'mawa uliwonse amayi anga ankandiperekeza pasiteji ya minibasi atabereka mwana, kuti ayamwe komaliza pamene ndikudikira. Ndinkakhala pakhonde la golosale ina yotseka, nditatembenukira kukhoma. Minibasi ikaima ndinkamuzula pabere, iye n'kulira, ine n'kuthamanga ndikumanga mabatani. Chimene sindinaganize n'chakuti minibasi za ku Mdeka zimadzera pa Lirangwe pomwepo. Tsiku lachitatu ndinakwera, ndikupukuta bulauzi, ndipo ndinamva mawu kumpando wakumbuyo.

"Amake mwana, bwerani kuno, malo alipo."

Ndinacheuka. Anali mnzanga uja, mpango wake wobiriwira uli kumutu, akumwetulira. Ndinakhala pambali pake. Titafika pa Lunzu ndinayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana, za ku Joni, za amayi, za sutikesi. Iye anandigwira bondo.

"Achemwali, ine ndaona chani? Ndaona agogo ndi mdzukulu wawo. Wanenepatu. Mwamuna?"

"Mwamuna."

"Ndiye chifukwa chake akuyamwa ngati akulipira."

Kuyambira tsiku limenelo tikakhala awiri ankandiitana kuti amake mwana, pagulu n'kumati achemwali. Ine sindinasangalale nazo. Munthu akakusungira chinsinsi ndiye kuti wakugwira pakhosi, ngakhale akhale akuseka. Nthawi iliyonse akalowa mu ofesi ya adayirekita n'kutseka chitseko, ine ndinkasiya kutayipa n'kumamvetsera.

Mkaka ndiwo unkandizunza. Ndinadula thewera lakale tizidutswatizidutswa n'kumaika m'bula, ndipo masana ndinkapita kuchimbudzi kukafinya, mkaka wa mwana wanga n'kumathira m'dzenje. Koma kuseri kwa mpanda wa sukulu kuli nyumba za anthu, ndipo khanda la kumeneko likangolira mabere anga ankayankha okha. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinamva kunyowa kukutsika. Amadamu anali patebulo pawo, kutalika kwake ngati mikono itatu. Ndisanaganize chochita, mnzanga uja anatulutsa mpango wina m'chikwama chake, wotuwa wa timaluwa tofiira, n'kundiponyera pamapewa.

"Mwazizidwa eti, achemwali? Fundani. Malungo amayamba choncho."

Amadamu anakweza maso, anayang'ana mpango, anayang'ana dzuwa pawindo, n'kubwerera ku zolemba zawo. Madzulo ndikuti ndimubwezere anakana.

"Sungani. Muziyenda nawo. Ine ndili nayo yambiri, sitolo ndi ya kwathu."

Ndinathokoza. Koma mawu akuti sitolo ndi ya kwathu ndinawasunga penapake.

Pantchito mtsikana uja ananditaya kutali, ndipo izi ndimavomera tsopano. Kutayipa ankachedwa, koma china chilichonse manja ake anali opepuka. Ankawerenga mapepala ngati akupinda nsalu. Kholo likalowa ankadziwa kale kuti mwana wake ndi uti, ali kalasi iti. Pomatha mwezi ankadziwa nkhope ya mwana aliyense wa Folomu 4 ndi dzina lake lomwe. Ine mutu wanga unkakhala ku Lirangwe. Kodi wadya phala? Kodi amayi amuphimba? Kodi chifuwa chija chakula? Ndinatayipa kalata ya makolo n'kulemba mwezi wolakwika, ndipo amadamu anaiwerenga mokweza pamaso pa aphunzitsi awiri.

"Imeneyitu ndi ya ku koleji. Tikanapanda kukhala ndi ophunzira muno bwenzi tikuvutika."

Khoma la pakati pa ofesi yathu ndi ya adayirekita ndi la matabwa. Mwezi wachitatu uli pakati ndinamva amadamu akuyankhula kuseriko, osatsitsa n'komwe mawu.

"Wa ku Mdekayu ndi wogwira ntchito. Wa setifiketiyu thupi lokha ndiye lili pano. Ikangokwana 3 koloko maso ali pageti."

"Ndiye mwezi ukatha tidziwa chochita," anatero adayirekita.

Ndinakhala ndikuyang'ana kompyuta osaona chilembo. Ndinaona sutikesi ija ikutsegukanso. Ndinaona amayi anga akuuza anzawo a kumvano kuti ntchito ija inali ya kanthawi. Ndinaona mwana wanga akukula ndikugulitsa mandasi pasiteji pomwe ndinkamuyamwitsira. Ndipo ndinaganiza kuti uyu akachotsedwa abwerera kusitolo kwa abambo ake, akakhala pamthunzi, akadula nsalu. Ine ndikachotsedwa ndibwerera kuti? Ndinabwereza funso limeneli masiku angapo mpaka linayamba kumveka ngati chilungamo.

Sabata imeneyo inali yokonza mafomu a ana a Folomu 4 opita ku ofesi ya mayeso. Fomu iliyonse imapita ndi kachithunzi ka mwini wake. Chithunzicho sachimata ndi guluu, ndipo sachimenya ndi sitepula chifukwa mapini amaboola nkhope. Amachipana ndi kilipi basi. Wojambula anabweretsa zithunzi zonse mu envelopu imodzi, zosakanikirana, zopanda mayina. Amadamu anapereka ntchitoyo kwa mnzanga chifukwa ndiye ankadziwa nkhope.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti chithunzi chotere, usanachipane, uzilemba dzina kumbuyo kwake ndi pensulo, kuti chikagwa chidziwike mwini wake. Ndinamuona akuyamba osalemba. Pensulo inali patebulo panga. Sindinamuchenjeze. Pamenepo ndinali ndisanaganize zochita chilichonse, kapena mwina ndinali nditaganiza, sindidziwa. Ndimangokumbukira kuti ndinatenga pensulo ija n'kuiika m'dirowa.

Anagwira masiku atatu. Ankadula timapepala ting'onoting'ono n'kumatipinda pamwamba pa chithunzi kuti dzimbiri la kilipi lisadetse chipumi cha mwana. Ankayankhula ndi zithunzizo. "Iwe wa makutu, bwera kuno. Iwe umajomba Lolemba, nayi fomu yako." Lachisanu cha m'ma 11 anamaliza, anaika mulu wonse mu fayilo yayikulu pamwamba pa kabati. Masana anatenga kamkeka kake kupita kuseri kwa chipinda chosungiramo mabuku kumene ankakaswalira, pemphero lake la masana. Amadamu anali ku chipinda cha aphunzitsi kukadya. Mu ofesi ndinatsala ndekha.

Sizinatenge mphindi khumi. Ndinatsitsa fayilo, ndinasolola makilipi, ndinasinthanitsa zithunzi. Poyamba ndinasintha mtsikana ndi mtsikana, mnyamata ndi mnyamata. Kenako ndinaopa kuti mwina palibe amene adzazindikire, ndiye ndinatenga chithunzi cha mnyamata wina wandevu, wamkulu kuposa onse m'kalasimo, n'kuchiika pafomu ya kamtsikana kena kamanyazi, n'kuikweza fomuyo kuti ikhale yachitatu kuchokera pamwamba. Onse pamodzi anali mafomu khumi ndi awiri. Timapepala take tija ndinatibwezera bwinobwino. Manja anga anagwira ntchito mwaukhondo, mmene anaphunzitsidwira.

Mnzanga atabwera anandipatsa theka la chigumu chimene anagula pageti. Ndinadya.

Lamlungu ndinapita kutchalitchi ndi amayi, mwana ali pamiyendo, ndinaimba nyimbo zonse. Madzulo ndinachapa mpango wotuwa uja n'kuuyanika, ndipo Lolemba m'mawa pothamangira minibasi ndinauiwala pachingwe.

Lolemba limenelo ana a Folomu 4 anafola pakhonde la ofesi kuti aliyense aone fomu yake n'kusayina. Woyamba anasayina, wachiwiri anasayina. Wachitatu, kamtsikana kaja, kanangoima kakuyang'ana fomu ili m'manja. Wa kumbuyo kwake anasuzumira n'kuphulika kuseka. Fomuyo inayenda mzere wonse. "Wamera ndevu liti iwe?" "Akwatiranatu awa, boma lavomereza." Kamtsikanako kanayamba kulira. Kenako wina anati nanenso si ine uyu, winanso chimodzimodzi. Phokoso linawatulutsa adayirekita.

Anatenga mulu wonse, analowa nawo mu ofesi, n'kuuponya pansi. Mafomu anamwazika mpaka kunsi kwa kabati. Chitseko anachisiya chotsegula, ana ali pakhonde, aphunzitsi atatu ali pawindo.

"Wagwira ntchito imeneyi ndani?"

"Ndine, bwana," anatero mnzanga.

"Tolani."

Anagwada n'kuyamba kutola.

"Mafomu awa akanapita chonchi, ana khumi ndi awiri akanabwezedwa pakhomo la mayeso. Mukudziwa zimenezo? Kusitolo kwa abambo anu munthu akafuna chitenje mumamupatsa bulangete? Kapena mpangowo ukumakutsekani maso?"

Ana ena anaseka. Iye anatola fomu ya kamtsikana kaja, anayang'ana chithunzi, kenako ndinaona maso ake akuchoka pankhope n'kupita pakona. Anayang'anitsitsa kilipi. Anaitembenuza fomuyo kumbuyo, anaibwezanso kutsogolo. Anatola ina, anachita chimodzimodzi. Kenako anakweza mutu n'kundiyang'ana ine.

Nthawi yomweyo khanda la kuseri kwa mpanda linayamba kulira. Ndinamva kubaya kuja m'mabere, kenako kutentha, kenako kunyowa. Ndinali nditavala bulauzi yabuluu yowala. Ndinapisa dzanja m'chikwama, mpango mulibe. Mabanga awiri anayamba kukula ndikuwaona. Iye ali chigwadire anawaona. Anayang'ana bulauzi yanga, anayang'ana adayirekita amene anali atandifulatira, n'kutsegula pakamwa.

"Bwana, ndimati ndinene..."

"Simuyankhula bwana asanamalize," anatero amadamu. Anali ataimirira kale. Anatenga fayilo yopanda kanthu n'kundimenya nayo pachifuwa. "Inu, gwirani iyi. Khalani pansi mutayipe kalata. Ndikuuzani zolemba."

Mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kunena. Mwina za kilipi, mwina za mwana, mwina zonse. Mwinanso ankangofuna kupepesa. Ndakhala ndikusinthasintha mayankho ake m'mutu mwanga ndipo palibe limene limandipatsa mpumulo.

Kalata yomuchotsa ndinatayipa ndine, dzanja limodzi lili pafayilo ya pachifuwa. Sindinalakwitse chilembo ngakhale chimodzi. Adayirekita anasayina ali chiimire n'kutuluka. Amadamu anatsegula kabati, anatulutsa fayilo ya mnzanga, anasolola kilipi, n'kuiponya m'chitini. Inalira pang'ono chabe. Mapepala ake anamupatsa ali omasuka, ndipo limodzi linagwa, anachita kuwerama kachiwiri. Anatenga kamkeka kake ndi kapu yake. Pakhomo sanatembenuke. Ana anamupatukira njira, ena akunong'onezana za ndevu.

Masana amenewo amadamu anakiya chitseko cha ofesi, chinthu chimene sankachita. Anayala mafomu khumi ndi awiri aja patebulo pawo, m'munsi mwake n'kuyala ena khumi ndi awiri amene sindinawakhudze.

"Bwerani muone, inu a ku koleji."

Ndinapita.

"Kilipi ili ndi malilime awiri, lalikulu ndi laling'ono. Mnzanu uja amaika laling'ono kutsogolo, kuti lisaphimbe nkhope ya mwana. Onani awa, onse laling'ono. Tsono onani awa. Lalikulu kutsogolo, onse khumi ndi awiri. Mu ofesi muno amaika lalikulu kutsogolo ndani?"

Ndinayang'ana mulu wa makalata patebulo panga. Onse lalikulu kutsogolo, mmene mphunzitsi wathu wa ku koleji ankafunira, mpaka ankatichotsera malikisi tikatembenuza. Timapepala take ndinakumbukira kutibwezera. Zala zanga ndizo sindinazikumbukire.

"Amadamu, ine..."

"Musandiuze. Mwana ali ndi miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu."

"Ndinadziwa sabata yoyamba. Ndinabereka anayi ine. Fungo la mkaka mungalibise ndi mpango?"

Ndinagwada. Sanandiuze kuti ndidzuke. Anang'amba pepala m'kope, anandipatsa cholembera.

"Lembani. Ine wakutiwakuti ndinanama kuti ndilibe mwana. Ine wakutiwakuti ndinasintha zithunzi pa mafomu a mayeso Lachisanu masana kuti mnzanga achotsedwe. Muike tsiku, musayine."

Ndinalembera pampando, ndili chigwadire. Ndinkaganiza kuti akalandira apita nalo kwa adayirekita. Koma iwo analiwerenga, anakonza pamene ndinaiwala kadontho, n'kutulutsa m'dirowa kalata ina yotayipa kale, yondilemba ntchito yokhazikika. Inali ndi tsiku la mawa lake. Anatulutsa fayilo yanga, anachotsa kilipi, anasanja setifiketi yanga yofotokopa, kalata yofunsira ntchito, kalata yatsopanoyo, ndipo pansi penipeni anaika pepala la m'kope lija. Analinganiza m'mbali mwake pogogoda patebulo. Kenako sitepula, kha.

Kulira kumene ndinakudikira miyezi itatu kunali kumeneko.

"Bwanji simunamusunge iyeyo?" ndinafunsa. Sindidziwa mphamvu yofunsira ndinaitenga kuti.

"Uja ndi wabwino kuposa inu, zimenezo musakayike. Koma uja ali ndi kwawo. Tsiku lina ndikanamukalipira akanangonyamula kamkeka kake. Komanso bwana anayamba kumuitana yekha osadzera kwa ine. Inu mulibe kopita. Dzukani, mukudetsa siketi."

Anakiya kabati n'kuika kiyi m'chikwama.

"Kuyambira mawa muziweruka 5 koloko, osati kuyang'ana pageti. Loweruka muzibwera. Zakusikelo sindikufuna kuzimva. Ndipo mwanayo mumusiyitse. Sindingamabise mabere anu ndi mafayilo tsiku lililonse."

Amayi anga anakana. Anati mwana wa miyezi isanu ndi itatu sasiyitsidwa ngati mayi ake sali ndi pakati pena, anthu adzati chiyani, ndipo nyengo yotentha ino adzatsegula m'mimba. Ndinawauza kuti ntchito yatheka, ndalembedwa, ayenera kusangalala. Anafunsa za mtsikana wa mpango wobiriwira amene ankawapatsa moni pawindo la minibasi. Ndinati analakwitsa mafomu.

Lamlungu lotsatira masana, amayi atapita kukazonda wodwala, ndinasinja tsabola pang'ono, ndinasungunula ndi madzi, n'kupaka kumabere. Mwana anabwera akukwawa, akuseka, anakwera pamiyendo panga mmene ankachitira. Anayamwa kamodzi. Anasiya, anandiyang'ana kumaso kaye asanalire, ngati akufuna kufunsa. Kenako analira mpaka mawu anatha. Anayesanso bere linalo. Nalonso ndinali nditapaka. Masiku atatu ankati akandiona n'kutembenukira kwa agogo ake. Mabere anatupa ngati miyala, ndinawamanga ndi chitenje mkati mwa bulauzi, n'kumatayipa choncho.

Mwana anatseguladi m'mimba, kawiri. Kusikelo ankapita naye amayi, ndipo anabwerako tsiku lina atakwiya, akuti anamwino anawafunsa pamaso pa azimayi onse ngati mayi wa mwanayu ali moyo. Mzere wa pakhadi lake unasiya kukwera, unayamba kuyenda chogona. Khadilo ndinkaliona madzulo ndikafika, n'kulibwezera m'pulasitiki mwake.

Ntchito ndikugwirabe. Sitepula tsopano ndimaloledwa kuigwira amadamu akakhala kuti atuluka n'kusiya kiyi wa dirowa, koma wa kabati sasiya. Akafuna kuti ndibwere tsiku la tchuthi, kapena ndikawagulire ndiwo kumsika, kapena ndivomere kulakwa kumene alakwitsa iwo, sakweza mawu. Amangogogoda kabati ndi chala podutsa. Ndinaganizapo zong'amba pepala lija tsiku lina. Koma pepala la sitepula likachoka limasiya kachidutswa pakona, ndipo amadamu amayang'ana pakona.

Mnzanga uja ndinakumana naye kamodzi kokha, patapita miyezi inayi. Linali Lamlungu masana, ndili pasiteji pa Lirangwe ndi mwana kumsana, ndikudikira amayi amene ankachokera ku Chigaru. Dzuwa linali lowawa ndipo ndinamuphimba mwana kumutu ndi mpango wotuwa uja. Ndinali nditauzolowera moti ndinaiwala kuti si wanga. Minibasi yopita ku Mdeka inaima kutsitsa anthu. Iye anali pawindo, mtolo wa nsalu uli pamiyendo.

"Amake mwana."

Ndinayandikira. Ndikanatha kuyang'ana kumbali, koma miyendo inapita yokha.

"Muli bwanji, achemwali?" ndinatero.

"Tilipo. Tamutembenuzani ndimuone."

Ndinatembenuka. Anakweza mpango pang'ono n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Wachepatu. Si uja ankayamwa ngati akulipira?"

"Anadwala."

"Munamusiyitsa?"

"Eya."

"Ntchito ilipo?"

"Ilipo."

"Sitepula inalira?"

"Inalira."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuona kuti ndi womwe ankayembekezera. Ndinafuna kunena kanthu. Ndinali nditakonza mawu ambiri miyezi yonseyo, ena opepesa, ena ofotokoza za sutikesi ndi za ku Joni. Ndinangoti, "Sitolo ikuyenda?"

"Abambo anadwala sitiroko mwezi womwe uja. Sitolo tinatseka. Izi ndikuyenda nazo m'misika." Anagunda mtolo uja ndi chikhatho. "Mpango wangawo."

Ndinayamba kuumasula, koma unakodwa pa mfundo ya chitenje. Iye anatulutsa dzanja pawindo n'kuukoka yekha. Mwana anadzidzimuka dzuwa litamumenya kumaso, n'kuyamba kulira. Anaununkhiza mpangowo, anaugwira ndi zala ziwiri, n'kuitana kutsogolo.

"Akondakitala, galasi lanu lada. Nayi nsanza."

Kondakitala anaulandira osafunsa, anapukuta galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala, anapukutanso nsapato yake imodzi, n'kuuponya pansi pa mpando. Chitseko chinatsekedwa. Ine ndinatsala ndikuphimba mutu wa mwana ndi dzanja, ndikumuuza kuti atonthole, agogo akubwera. Mawa lake linali Lolemba, ndipo ndinafika ku ofesi 7 koloko isanakwane.